Kabokosi Kakuda ka Tiya

Gulu: Ana a Nachisale

LACHITATU

14:06 Tiyanjane: amama, kabokosi kakuda pa desk yanga kakuyaka? ndili ku office ku Markham koma sikakuoneka pa network

14:09 Amayi: Ndazimitsa mwana wanga. Kunja kuli mabingu. Ndazula zonse kukhoma, ndi TV yomwe

14:09 Tiyanjane: mwazula??

14:10 Amayi: Ndakafunditsanso chitenje, kasalowe fumbi

14:11 Tiyanjane: amama imeneyo ndi devkit, makina oyesera game yathu. imayenera kuyenda 48hrs osaima kt tipeze chomwe chimaifreezitsa. inali pa 41

14:11 Tiyanjane: Friday 5pm tikusabmita. project yanga yoyamba kutsogolera

14:12 Tiyanjane: kuno si ku Area 25. ndinakuuzani musakhudze kanthu

14:15 Medson: Tiya. ulemu

14:31 Amayi: Ndalumikizanso. Kayaka kabuluu

14:33 Tiyanjane: ndayambitsanso test. musayandikirenso pls

16:40 Amayi: Ubwera nthawi yanji

18:05 Amayi: Ndaphika mfutso ndinakubweretsera uja

LACHINAYI

08:12 Medson: mlongo, waiwala TV ya malemu adadi? inapsa ndi mphenzi itangotha mwezi. amene analira sabata yonse ndi iwe. amama anayamba kuzula zinthu tsiku limenelo

08:13 Medson: ndipo akukwera ndege Sunday kubwerera kwathu. ine ndili Brampton pa shift, sindingabwere kudzakuweruzani

08:20 Amayi: Musiye mnzako, ali pa ntchito

11:47 Amayi: 🎤 0:34
"Tiya, sindinakhudze ayi. Ndangokoka mpando, ndakhala chapatali. Kamtsikana ka pa sikirinika kakungothamanga kokha, osatopa. Ndikukayang'anira. Zomwe ndikuona ndikulemba m'kabuku kanga ka Mvano."

13:52 Amayi: Kaima. Mwendo uli m'mwamba

13:53 Tiyanjane: ndaona. log ikungoti timeout, palibe china. miyezi iwiri tikufufuza zomwezi 😭

13:55 Amayi: Ndijambule?

13:55 Tiyanjane: ayi!! chinsinsi cha kampani, angandichotse ntchito

13:58 Amayi: 🎤 0:52
"Basi ndikuwerengere. Naini koloko, mvula yakapeza pa mlatho, kadodoma pang'ono. Hafu teni, pa mlatho pomwepo, mvulanso, kadodoma nthawi yotalikirapo. Kukakhala kowala kamawoloka bwinobwino. Mvula ikakapeza kumunda, palibe vuto. Ndi mlatho ndi mvula zikakumana. Aka ndi kachisanu, ndiye kaimiratu."

13:59 Tiyanjane: dikirani

14:00 Tiyanjane: mvula PA MLATHO?

14:00 Amayi: Ndatero

14:02 Medson: amama asanduka oyesa game. Mvano QA department 😂

17:30 Amayi: Tiya?

LACHISANU

16:41 Tiyanjane: tasabmita. chinali chomwecho, madontho ogwera mumtsinje samafufutika, amangounjikana mpaka makina kutsamwa. Kevin, bwana wanga, akufunsa kt tester ameneyu ndamupeza kuti

16:43 Tiyanjane: amama pepani. ndinakuyankhulani mwachipongwe. mwakhala pa mpando maola onse aja chifukwa cha ine, ine osayankha ndi message yomwe. ndachita manyazi

16:50 Amayi: Kamtsikanako kawoloka?

16:50 Tiyanjane: kawoloka amama

16:51 Amayi: Chabwino. Kamandimvetsa chisoni

17:04 Amayi: Kunja kwadanso. Mabingu ayamba

17:06 Amayi: Sindinakhudze

17:06 Tiyanjane: zulani amama. zonse. mukafunditsenso chitenje chija

17:07 Tiyanjane: mfutso ulipobe?