Mwala wa amayi ako

Wokondedwa mwana wanga Fanuel,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi apongozi anga ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mawondo akundivutabe.

Ndimakumbukirabe Lachiwiri lomaliza lija ndi amayi ako. Tinapita ku Nsanama kukagulitsa nandolo. Pachitunda galimoto inazima monga mwa masiku onse, iwo n'kutsika ndi mwala wawo uja kukaika kuseri kwa tayala kuti tisabwerere m'mbuyo. Anati, "Bambo a Fanuel, chigalimoto chanuchi chindikalambitsa." Tinaseka. Loweruka lake anatisiya.

Galimoto imene unandilimbikitsa kuti ndigule ndinakaitenga ku Balaka sabata yatha. Ndi yabwino, imalira kamodzi n'kamodzi, sifuna kukankha. Koma mwanawe, ndikalowamo ndimakhala ngati mlendo, ndipo sindidziwa kuti ndipange bwanji.

Yakale ija ndagulitsa kwa makaniko wina wa ku Liwonde, akuti akaiphwasula. Atabwera kudzaikoka, ndinapeza pansi pa mpando chitenje chimene amayi ako ankayala pamene mpandowo unang'ambika paja, patapata wawo ndi mwala uja. Abale awo pogawana katundu sanaganize zoyang'ana m'galimoto. Ndinangoti chilili mpaka makanikoyo anafunsa kuti, "Madala, kapena tibwere mawa?" Ndinati iyayi, tengani.

Chitenje ndi patapata ndakapereka kwa amayi ako aang'ono, poti eni ake ndi iwowo. Mwalawo palibe amene akanaufuna. Ndauika m'galimoto yatsopanoyi, pansi pa mpando wa amayi ako, ngakhale mabuleki ake ndi ogwira.

Uzindiimbirako Lamulungu masana, ndi pamene pakhomo pamati zii. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako.