Njovu ya M'magalasi

Chawama, Lusaka

Adumbu a Keziya, mlongo wanga,

Monile konko ku Chikomeni. Muli bwanji inu ndi alamu? Nanga amama, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno ndilipo, kungoti ndalema, maso nawo akuwawa osati masewela.

Munafunsa za ntchito. Ndili pa shopu ya magemu m'tauni, ya bwana wina, a Danwell. Tili ndi magalasi amene kuno amati VR. Ndi kabokosi komangilila kumaso ndi malamba. Ukavala, shopu imasowa, umangopezeka uli m'kati mwa kanema, kutsogolo, kumbuyo ndi kumwamba komwe. Ntchito yanga ndi kuveka anthu, kupukuta thukuta lawo pamagalasi, ndi kuwayesa m'mawa tisanatsegule.

Tili nawo a mitundu iwili. Opepuka alibe chingwe, ana amawakonda, koma zithunzi zake n'zachimbuuzi, batile sichedwa kutha, ndipo ine amandipatsa nselu ngati ndakhala kumbuyo kwa basi ya ku Chipata. Enawo ndi olemela, ali ndi chingwe chopita ku kompyuta, amatentha pamphumi, ukavula khosi lili gwa. Koma kuoneka kwake, adumbu, mayo ine! Tsamba lililonse umaliona pamtengo. A Danwell amanyadila olemelawo. Ine bola achimbuuzi aja, chifukwa sakupusitsa kuti zimene ukuona n'zenizeni.

Mwezi watha anabweletsa kanema wa nyama zakuthengo. Pa opepuka ndinamuyesa, njovu inkangooneka ngati chidole. Loweluka lake shopu itadzaza, anati ndivale olemela ndionetse makasitomala. Ndinapezeka m'tchile longa la ku Lukusuzi. Mwadzidzidzi njovu iyo, pafupi pomwepa, yapinda chitamba, ikubwela kwa ine. Anthu a kuno akaiona amatambasula dzanja kuti aisisite. Ine thupi linachita lokha zimene adada anatiphunzitsa kumunda. Ndinadula mabatani, malaya kuponya uko kuti njovu itanganidwe ndi fungo lake, ine liwilo. Chingwe chinandikoka, ndinagwa chagada, ndikukuwa m'Chitumbuka kuti zovu, zovu.

Povula magalasi, shopu yonse inali itafa ndi phwete. Wina anali atandijambula vidiyo pafoni.

Ndinkayesa ntchito yatha. Aa, kutha kuti! A Danwell anakondwa. Anati vidiyo ija yakoka anthu, ndiye Loweluka lililonse ndizichita zomwezo, kuvula, kukuwa, kugwa. Mpaka anandigulila malaya osavuta kumasula. Ndinawauza kuti kwathu izi si zoseketsa. Ndinawafotokozela za asibweni a Esau, mlongo wawo wa amama, mmene njovu inawaphela m'munda mwawo mwa chimanga, malaya tikuwapeza pachitsamba, thupi lili patsogolo. Anapepesa bwinobwino, kenako anati anyamata ofuna ntchito ali mbwee pakhomo. Ndinangoti chabwino, bwana.

Choipa n'chakuti sindichita kunamizila. Ndimadziwa kuti ndi kanema, ndimadziwa ndi mbali imene njovuyo itulukile, koma ndikavala olemelawo mtima umagunda ndithu. Ndinapempha kuti ndizichitila pa opepuka. Anakana, ati pa amenewo sinditha kuopa bwino.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Vidiyo ija ikuyenda m'mafoni. Ronnie wa ku Mwase, amene ndimagona naye nyumba imodzi, anaiona dzulo pa gulu la pafoni la anthu a ku Lundazi, ndipo ena alembapo kuti mwana wa mlongo wawo wa malemu a Esau akusewela ndi imfa yawo kuti aseketse a m'tauni. Sipatenga nthawi, wina adzawaonetsa amama kutchalitchi kapena kuchigayo. Zimenezo ndiye zikundidya mtima.

Chonde, adumbu, yambani ndinu kuwauza. Mukhale nawo pansi awiliwili, muwafotokozele za magalasiwa mmene ndalembelamu. Muwauze kuti sindinali kuseka mlongo wawo, mantha aja anali enieni. Akafunsa ngati ndasiya, musawanamize. Loweluka likubwelali ndivulanso.

Mundipelekele moni kwa amama ndi adada, kwa alamu a Whiteson ndi ana onse. Kwa a Jemima, akazi amasiye a asibweni, moni yekha basi. Zinazo sindidziwa kuti munganene bwanji.

Yewo chomene.

Ndine mlongo wanu wolema,
Luckson