Mphasa Yatsopano ku Mua

Salima,
14 Juni 1982.

Okondedwa achimwene a Damiano,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga ndi ana muli bwino ku Kabweko. Kuno tilipo. Chisanu chayamba msanga chaka chino, ndipo Selina anadwalako chifuwa koma tsopano wachira, akupita kusukulu.

Bulangete limene munatumiza lija ndinakapereka kwa amayi aang'ono ku Mua Loweruka lapitali. Munapempha kuti ndidzakuuzeni mmene alili. Ali bwino, ngakhale akalamba kuposa mmene ndinkaganizira. Koma pali zina zokhudza ulendowu zimene ndiyenera kuzilemba mwadongosolo, inu muweruze nokha.

Sindikukumbutsani chinthu chachilendo ndikanena kuti amayi athu atamwalira, ndi iwo amene anatilera ku Golomoti, mpaka khate litawatengera kuchipatala cha ku Mua. Anachira kalekale, ndipo amakhala m'mudzi wa anthu amene anachira ngati iwo, chakumunsi kwa mishoni. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatumizira sopo ndi mchere kudzera mwa akatekisiti, koma phazi langa linali lisanapondeko. Nditalemba kuti ndikubwera, yankho lawo linali lalifupi: "Regina adzagone, ndili naye nkhani zambiri."

Njira zinalipo ziwiri. Kupita ndi basi ya m'mawa n'kubwerera ndi ya madzulo, kapena kugona, kupemphera nawo Misa Lamulungu, n'kubwerera masana. A Laston, bambo a kunyumba kuno, sanaone chovuta. Anati, "Kagoneni komweko, mayi a Selina. Anawa sangafe ndi nsima ya mibulu ya tsiku limodzi." Ndinalongedza nsalu yofunda, mswachi ndi diresi la kutchalitchi.

Basi isanafike n'komwe ku Chipoka ndinali nditayamba kale kusonkhanitsa zifukwa. Udzudzu wa kuchigwa kuja. Makope a mayeso amene ndinasiya osachonga. Chifuwa cha Selina. Zonsezi n'zoona, achimwene, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chinandibweza. Ndipo musaganize kuti ndinachita mosadziwa. Mwezi wathawu ndinaimirira pamaso pa ana a Sitandade 7 n'kuwauza kuti munthu amene watsiriza mankhwala a khate sapatsira mnzake, kuti nthendayi si ufiti kapena tsoka la kumtundu. Ndinawalembetsa m'makope, ndipo amene analakwa pamayeso ndinawachongera ndi inki yofiira.

Ndinatsika dzuwa lisanatenthe. Pamene njira imapatukira kumudzi kwawo, ine ndinapitirira kukwera kumishoni. Ndinadziuza kuti munthu wokonda kuwerenga sangafike pamalo a mbiri ngati amenewa osawaona. Ndinazungulira nyumba yakale ya ansembe, ya njerwa zofiira ndi khonde lalitali. Ndinalowa m'tchalitchi. Ndinaima kwa anthu osema ziboliboli n'kuwafunsa za mitengo imene amasemera ngati ndikufuna kuyamba ntchitoyo. Kenaka ndinapita kumanda a ansembe, n'kuwerenga dzina lililonse ndi zaka zake. Lero ndikhoza kukuuzani zambiri za anthu amene anafika kumeneko mu 1902. Pamene ndinkatsikira kumudzi, dzuwa linali litapendeka.

Woyamba kundiona anali a Sabina, mayi wa nyumba yoyandikana nayo. Iwo sanadwalepo, koma anakwatiwa ndi bambo wina wa momwemo amene anachira. Ananditenga chikwama uku akundiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ndinu aphunzitsi aja? Ife timati mwina basi yagwera mumtsinje. Nkhuku yakhala ili chimangire kuyambira mbandakucha, mpaka yayamba kutizolowera."

Amayi aang'ono anali pakhonde. Atandiona anawomba m'manja ali chapatali, osatambasula mkono, ndipo ine sindinatambasule wanga. Zala zambiri zinatha, zimenezo mukuzidziwa. Koma mawu ndi omwe aja.

"Regina, wanenepa ngati mkazi wa sitolo. Khala apa ndikuone."

Bulangete analisisita ndi nkhonya zawo, n'kuliika patsaya. Anafunsa za inu. Anati, "Kodi Damiano akuopabe atsekwe? Uja anathawa tsekwe wa kwa a Jailosi mpaka kusiya kabudula paminga." Tinaseka tonse, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuyang'ana wotchi.

Kenaka anati ndikaone pogona. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, ndipo cha mkati anachikonzera ine. Pansi anali atazira ndi dothi lakuda. Mukudziwa kuti pozira pamatsala mizere ya zala yozungulira. Apa panalibe mizere yotere, panali zidindo zazikulu za chikhatho chokha, kuyambira pakhomo mpaka kukhoma. Sindikudziwa kuti zinawatengera nthawi yotani. Pakati panali mphasa yatsopano, yokanabe kugona pansi, atayitsamiza miyala m'makona. Pambali pake panali kapu ndi beseni, nazonso zatsopano.

"Izi sanagwiritsepo munthu," anatero. "Mphasayi anaiyala ndi a Sabina, ine sindinaikhudze. Zophika aphikanso ndi iwowo. Usade nkhawa ndi kanthu."

Ine ndinali ndisananene kuti ndikuda nkhawa. Munthu amene ankanditafunira chinangwa ndili mwana anali atakhala pansi n'kuganizira chilichonse chimene ndingachite nacho nyansi, n'kuchichotsa ndisanafike. Apa mpamene ndikanati, "Amayi, yalani mphasa yanu pomwe pano tigone limodzi." Mawuwo ndinali nawo. Koma ndinayang'ana denga, ndinayang'ana zikhatho zija pansi, thupi langa lonse n'kukana.

Titabwerera pakhonde anati, "Nkhani zija tikamba tikadya, mbale zitachoka."

Ndinati, "Amayi, ine sindigona. Selina sali bwino, ndiyenera kupeza basi ya madzulo."

Potulutsa bulangete paja chikwama ndinachisiya chotsegula, ndipo diresi la kutchalitchi linali pamwamba penipeni. Analiyang'ana, kenaka anayang'ana kubwalo.

"Inde, mwana ndi mwana," anatero. "Nyamuka mdima usakupeze."

A Sabina anatulukira kuchokera kukhitchini, mpeni uli m'manja, nthenga zili pachitenje.

"Mukuti bwanji? Ndiye mwangobwera kudzapala moto? Nanga nkhuku ija yafera chiyani?"

"Musiyeni, a Sabina, ali ndi mwana wodwala," anatero amayi aang'ono.

"Ana ndili nawo inenso, ndipo ndinawabereka m'mudzi mommuno. Aphunzitsi, onani manja angawa. Ndakalambira pamphasa imodzi ndi amuna anga aja. Chala chimene chinapunduka ndi ichi chokha, ndipo chinapsa ndi chiwaya."

Ndinayankha kuti zimenezo ndikuzidziwa bwino, kuti sayansi imanenanso chimodzimodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino, mukawapatse moni a Sayansiwo," n'kubwerera kukhitchini.

Amayi aang'ono anandiperekeza. Amayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mapazi, ndipo ine ndinkangowatsogolera n'kumaima. Titafika pamtengo wa mango, msewu ukuonekera patali, anaima.

"Ine ndithere pano. Kumsewu kuli anthu, angamakufunse zambiri m'basi."

Ndinati palibe chovuta, koma sindinawakakamize. Kenaka ananena chinthu chimene chandiletsa kuchonga makope mpaka lero.

"Ndinakuona m'mawa uja. Nditaona kuti basi yadutsa iwe osafika, ndinakwera kumishoni kuti mwina wasokera. Ndinakupeza kumanda kuja ukuwerenga. Ndinati ndisakusokoneze. Iwe kuyambira kale ukamawerenga sufuna kuyankhulitsidwa."

Sananene mokwiya. Ananena ngati akunditama. Anakwera phiri lija ndi mapazi amene aja, anandiona, n'kutsikanso okha kukandidikira pakhonde.

Basi inachedwa kwambiri. Ndinakhala pamphepete pa msewu mpaka ng'ombe zitadutsa kubwerera kukhola. Nyumba yawo inali pafupi moti utsi wa khitchini ya a Sabina ndinkauona. Palibe chimene chinandigwira miyendo. Basi itatulukira, ndinakwera.

A Laston atadabwa kundiona, ndinawauza kuti malo ogona kunalibe. Anamva chisoni, mpaka akuti tisonkhe tiwagulire mphasa. Chonde za chipinda chija zisatuluke m'kalata muno. Ndidzawauza ndekha ndikapeza poyambira.

Nkhani zimene amayi aang'ono anandisungira sindinazimve. Mwina ndi za amayi athu, mwina ndi za munda wa ku Golomoti, mwina ndi za kumene akufuna kudzaikidwa. Palibenso wina wamoyo amene angatiuze zimenezi, ndipo iwo sakubwerera kuubwana. Ndikanakonda kulemba kuti sukulu ikatsekera ndipitanso ndekha kukagona, koma sindikonda kulemba chinthu chimene ndilibe nacho umboni, ndipo umboni umene ndili nawo wa ine mwini mwauwerenga.

Choncho pempho langa ndi ili. Pa Khirisimasi mukadzabwera, mudzayambe mwadzera kuno tidzapitire limodzi. Tikadzatsika, musadzandilole kukwera kumishoni, ndaonako kale zonse. Mukadzaona ndayamba kuyang'ana wotchi, mudzandivule n'kuiika m'thumba mwanu mpaka kutacha.

Moni kwa alamu anga ndi ana onse. A Laston ndi Selina akupereka moni. Amayi aang'ono nawo anati ndikupatseni moni wambiri, athokoza bulangete, ndipo anandilonjezetsa kuti ndilembe mawu awa monga anawanenera: "Ukamuuze Damiano kuti akafuna kudzandiona asaope kanthu. Basi ya madzulo imadutsa tsiku lililonse."

Ndine mlongo wanu,
Regina.