Musabwere ndi Mchere Chaka Chino

Nolichaki,
3 Seputembala 1788.

Okondedwa achimwene Obadiya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kuno chimanga chacha, koma palibe wolimba mtima wopita kumunda. Chaka chino musabwere ndi mchere. Makani anu ndimawadziwa, choncho werengani mpaka kumapeto.

Mwana wanga Lemueli, chitsiru chija, adaona munthu kumtsinje n'kumupha ndi mfuti, ati ankaba hatchi. Anali Mcheroki, mmodzi wa eni dziko lino, wongoonjola nsomba m'mono mwake. Hatchiyo inali phee m'khola. Lemueli adathawa, sitikudziwa kumene ali.

Lachisanu kudabwera mayi ake a malemuyo, dzina lawo Ayoka, ndi womasulira. Sadalire. Adaika mikanda yoyera pakhonde n'kufunsa kuti, "Malume ake a mwana wanuyo ndani?"

Pakamwa panga mumapadziwa. Ndi mantha, ndidati ndiwaopseze. "Obadiya! Wandevu zofiira, wamtali kuposa chitseko ichi. Mwezi wamawa akubwera ndi mchere panjira ya ku Holisitoni, mudzamuona!" Mayiwo adatola mikanda yawo n'kumapita.

Womasulira adatsalira, manja ali m'mutu. "Agogo, mwachitanji? Mikanda yoyera ndi ya mtendere. Amafuna malume kuti akwirire manda ndi mphatso zopepesera, nkhani ithe. Kwa iwo magazi amayenda kuchikazi. Wopha akathawa, amene amafa m'malo mwake ndi wachibale wa kwa mayi ake. Inu mwawalozera munthu ndi njira yomwe."

Achimwene, ndidakhala pansi osafuna. Chidyereni tsikulo sindinadye. Khwangwala akangolira kuthengo, ndimakankhira zidzukulu kunsi kwa kama. Azibambo akuno akupukuta mfuti, ati akatenthe mudzi wa Acheroki. Ndidawauza kuti, "Mukatenthe, kenako mudzagone m'mudzi uti, ankhutukumve inu?"

Mawa ndikupita kwa Ayoka ndi ng'ombe yanga yamkaka, fodya ndi nsalu yoyera. Mwina alandira. Ndidamufunsa womasulira ngati ine, nkhalamba ya dzino limodzi, ndingakwane kufa m'malo mwanu akakana ng'ombe. Adayang'ana kumbali, ati, "Mbumba ndi mbumba, agogo."

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindidawade kwenikweni. Ndikapanda kubwerako, zidzukuluzi ndi zanu. Mdzukulu wanga Tabita amaopa mdima, musamamuseke. Wamng'onoyo sadya nyemba, musamukakamize. Chisanu chikatha mutumize ngolo idzawatenge anawa.

Ndine mlongo wanu wolongolola,
Keziya