Manja a Amayi

Ligowe, Neno
9 Okotobala 1995

Wokondedwa mlongo wanga Mailesi,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Bulawayoko. Kuno tilipo, kungoti nyumba ya amayi ikadali yotseka, ndipo mlamu wako Stelia akamadutsa amayang'ana kumbali.

Kalata yako ndinalandira. Wafunsanso za chithunzi cha amayi chimene ndinakulonjeza, poti maliro sunawaone. Ine kuzungulira sindidziwa. Chithunzicho chili momwemu, ndachikulunga papepala, koma usachitsegule usanamalize kuwerenga.

Ukudziwa kuti amayi ankakana kamera. Ndajambula maukwati, maubatizo, ngakhale misonkhano ya zipani zatsopanozi, koma iwo ankangoti ndidzawajambule akadzanenepa. Mu Julayi, ataona kuti mphamvu zikutha, anandiitana okha. Anati ndiwajambule chifukwa cha iwe, koma m'nyumba, anthu asaone mmene awondera.

Mdima wa m'nyumba muja ukuudziwa. Ndinamangirira fulashi, kagetsi kong'anima kamene ndinali nditangogula ku Zalewa. Wogulitsayo ankafuna kundilangiza, ine ndinamudula pakamwa, ndinati kamera ndinaiphunzira ndekha iye akadali kumsana.

Amayi anavala za Mvano n'kukhala pampando wawo. Ndinagwira kamera choimika kuti alowe onse, kuyambira duku mpaka mapazi. Itang'anima anaseka, nati ndawapha maso. Ndinajambula kamodzi kokha, anali atatopa.

Filimu sitichapitsa isanathe. Mmene ndinkapita nayo kwa ochapa zithunzi ku Limbe, n'kuti amayi titawaika kale m'manda.

Chithunzi chinatuluka theka lakumwamba lili bii. Ndinakalipa mpaka odutsa anayamba kusuzumira pakhomo, ndinati andiwonongera mayi wanga ndi mankhwala awo ochapira zithunzi. Wochapayo, a Dickson, sanakwiye. Anangopempha kamera n'kuloza kagudumu ka manambala kali pamwamba. Kanali pa 250, pamene kamakhala masiku onse, poti ine ndimajambulira padzuwa.

Anandionetsa 60 wolembedwa mofiira. Anati mkati mwa kamera muli kansalu kotseguka ndi kutseka. Ukapitirira 60, sikatsegula malo onse nthawi imodzi, kamangoyendetsa kampata. Dzuwa limadikira kampatako mpaka kadutse, koma fulashi ndi mphezi, imang'anima kamodzi basi, ndiye pamene kansalu kanaphimba pamatsala mdima. Anandionetsanso manambala a kumbuyo kwa fulashi, kuti ukayandikira munthu uchepetse kabowo ka diso la kamera, ukatalikira ukulitse. Pamenepo akuti ndinakhoza mwangozi, n'chifukwa chake kumunsi kwaoneka bwino.

Ndinafunsa ngati nkhope ingatuluke atachapanso. Anati pamene kuwala sikunafike palibe chobisala.

Nambala imodzi yofiira, Mailesi! Ndakhala ndikuiona tsiku ndi tsiku, ndimayesa n'zokongoletsa.

Tsono pempho langa ndi ili. Dorica, chitsirizira wanga, anandifunsa dzana kuti kodi agogo ankaoneka bwanji, eti wayamba kale kuiwala. Ndinamukalipira, kenako ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe. Mudzi wonse umati nkhope ya amayi unatenga ndiwe. Bwera pa Khirisimasi, usandiuze za ntchito ya alamu. Udzavale duku lawo, udzakhale pampando womwe uja, m'nyumba momwe muja, ndidzakujambule. Kagudumu ndakaika kale pa 60.

Tsopano tsegula pepalalo. Uona bulauzi yoyera, buku la nyimbo pamiyendo, ndi manja awiri atalisanjikira. Yang'anitsitsa chala chachikulu chakumanzere, chipsera cha chikwakwa chija chaoneka bwinobwino. Ndi amayi amenewo. Ndi pamene ndinatha kukusungira.

Upereke moni kwa alamu ndi ana onse. Stelia akuti ukumbukire kuti mvula ikayamba msewu wa kuno sukhululuka. Mulungu akusunge mpaka tionane.

Ndine mlongo wako,
Laimoni