Esinati Anakwecha Kabokosi Kakuda

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo, koma Esinati, mwana wa mng'ono wanu uja munamulera ngati wobala nokha, wandichotsetsa ntchito.

Ndiyambe ndi zabwino. Alamu ku Bangwe achira, mwana wamkazi, ndipo am'patsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni. Chimanga cha ku Machinjiri chachita bwino, ngakhale akuba anayamba ndiwo kulawa. Denga likudonthabe pamene paja munkatchera beseni.

Mutangotisiya, korona itavuta, ndinapeza ntchito pafakitale ina ku Makata. Ndinkakhala pageti ndi kamera yoyeza kutentha kwa thupi. Kamerayo payokha ndi yabodza, Amayi. Imadalira kabokosi kena kamagetsi kamene kamafunda chimodzimodzi tsiku lonse, kutsogolo kwake kwakuda bii. Imayang'ana kabokosiko kaye, kenako munthu. Ngati mmene munkachitira inu, dzanja pachipumi panu kaye, kenako panga, n'kumati, "Wosadziwa thupi lake sangadziwe malungo a mwana."

Ndine ndinam'pemphera Esinati ntchito yosesa pomwepo. Ndinamuuza kuti kabokosiko asakakhudze. Koma m'mutu mwake munali mawu anu aja, akuti poto wakuda ndi manyazi a mkazi. Anatenga kawaya kotsukira mapoto n'kukakwecha mpaka waliwali, poganiza kuti ndi mwaye. Chonsecho kuda kujako ndiye kunali ntchito yake! M'mawa mwake kamera inapeza malungo mwa aliyense, ndi mlonda yemwe. Shifiti yonse ndinaibweza pageti, makina ali zii.

Zimenezo ndikanam'khululukira, mwina bwenzi pano tikuseka. Koma abwana atafunsa, mwana wanuyo anati ndine ndinamutuma. Ananena ine nditaima pomwepo, maso ali gwa, ndi pakamwa pomwe paja pankadya nane mbale imodzi. Lero iye akusesabe. Ine ndili pakhomo pano ku Ndirande, kuwerama ndi zochapa za eni.

Ntchito ipezeka ina, sindikulira imeneyo. Chikundiwawa n'chakuti ine anthu ndinkawayezera pa Esinati. Munthu akafanana naye ndinkati ndi wabwino. Tsopano aliyense wondisekerera ndikumuona malungo, ngakhale mayi wa tomato wondiikira basera.

Lamlungu anabwera kutchalitchi atavala chitenje chanu chobiriwira chija, n'kunditambasulira dzanja anthu akuona. Ndinaliyang'ana basi. Ndikudziwa mukanati m'bale sataya, koma inu simunalipo muofesi muja. Ndiye musavutike kubwera kumaloto kudzam'pepesera. Ali ndi pakamwa, panagwira bwino ntchito kwa abwana.

Mvula ikatha ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndekha. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Nkhani iyi ndauza inu nokha, ndipo sindidzaitchulanso.

Ndine mwana wanu,
Tiyamike