Mwamuna wanga anamanga nsambo chamanzere

Aphungu,

Mwamuna wanga anali wometa tsitsi, ndipo anamwalira chaka chatha. Anandisiyira ukulele, kagitala ka nsambo zinayi kamene ankakapachika pambali pa galasi m'shopu mwake. Makasitomala akasowa, ankakhala pampando wometera n'kumaimba.

Nyumba itayamba kundikulira, ndinaganiza zophunzira kuimba. Koma chilichonse chimene mphunzitsi wa nyimbo ankandionetsa, kwa ine chinkamveka chokhota. Atakayang'anitsitsa anati, "Mayi, vuto si zala zanu. Bambowa anali amanzere, nsambozi anazimanga motembenuza. Tizichotse, tiike zatsopano."

Ndinangokalanda n'kubwerera kunyumba misozi ili chuchuchu. Nsambozo anamanga yekha, mfundo zake ndi za manja ake. Mchemwali wanga akuti ndikuchita zachibwana. Ndikakasiya chonchi sindidzaimba, koma ndikasintha ndiona ngati ndamuika m'manda kachiwiri. Nditani?

E.N.

Mayi E.N.,

Pepani kwambiri. Si zachibwana zimenezi, ndipo mchemwali wanuyo aphunzire kugwira pakamwa.

Mphunzitsi wanu sananame, koma anathamangira mpeni. Inu mwangoyamba kumene, manja anu onse awiri ndi mbuli. Palibe dzanja limene lazolowera kale, ndiye n'chifukwa chiyani kagitalako katembenukire inu? Tembenukani inuyo. Kagwireni monga ankakagwirira bambo: dzanja lamanja lizikanikiza nsambo, lamanzere lizikhwatcha. Pophunzira muzikhala moyang'anizana ndi mphunzitsi n'kumatsanzira manja ake ngati muli pagalasi. Mkazi wa wometa tsitsi galasi silingamusokoneze.

Yambani ndi nyimbo imodzi imene bambo ankaikonda, pang'ono pang'ono tsiku lililonse. Zala zidzawawa, kenako zidzalimba. Misozi ikabwera, musaleke. Muyang'anenso kumbuyo kwa khosi la kagitalako. Mwina mupeza pamalo posalala pamene chala chawo chachikulu chinaperesa. Mukakagwira chamanzere, chala chanu chidzagwera pomwepo.

Koma ndisakubiseni, mayi. Nsambo zimakalamba, ndipo tsiku lina imodzi idzaduka muli pakati pa nyimbo. Musadzakabise m'sutikesi n'kuyambanso maliro. Yodukayo mudzaisunge, yatsopano mudzamange nokha, motembenuza momwemo. Nsambo imene siinadukepo ndi imene palibe akuiimba, ndipo bambo aja sankapachika kagitalako kuti kazingodya fumbi.

Aphungu